Memori ya Mayi Malizani

Lolemba, 5 Ogasiti

Mphepo kuyambira m'mawa. Fumbi lonse la pa Malomo lathera mu shopu muno, mpaka pakati pa mabatani a kiyibodi.

Chakumasana kwabwera Mayi Malizani a kuseri kwa phiri, aja amayambitsa nyimbo ku Chigwirizano. Amasula mfundo ya pachitenje. M'mfundomo kapepala ka switi, m'kapepalamo memori. Ndimayesa akufuna ndiwaikire nyimbo za kwaya monga amachitira anzawo. Ayi. Akuti muli mawu a mwana wawo Nedson, amene anamwalira ku Joni chaka chatha. Bokosi linabwera lokhomakhoma, nkhope sanaione. Mavoisi onse amene ankawatumizira pa WhatsApp, mwana wawo wamkazi Kezia anawasamutsira mu memoriyi foni itadzaza. Foniyo inafa ndi mvula ya mu Febuluwale. Memori inapulumuka, koma tsopano foni iliyonse imene aikamo ikungoti fomatani, ndiko kuti fufutani zonse.

"Kezia anati ndisadine chilichonse, ndiye sindinadine," atero.

Mwambo wa chiliza uliko pa 17. Akufuna kuti anthu akachoka kumanda adzamve mawu a mwanayo pa sipika yathu. Makamaka voisi yomaliza, imene anapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, kenako n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku.

Ndaika mu rida, kachipangizo kowerengera memori. Kompyuta zii. Ndatulutsa, ndapukuta ndi nsalu, ndaikanso. Zii. Ndawauza kuti tiyesa. Amuna anga, bambo a Hana, amene mbali yawo ya shopu ndi yometa ndi kutchaja mafoni, afuula ali kuseri kwa katani ndi mutu wa munthu m'manja kuti mayi musadandaule, madamu angawa kompyuta imawaopa. Ine sindinaionepo ikundiopa.

Nedsoniyo sindikumudziwa. Tinasamukira kuno iye atapita kale.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndamufunsa mchimwene wanga Dave. Ndiye anatiikira Linux mu kompyutayi mavairasi a m'mafulashi a anthu atatitopetsa. Ine ndimadziwa mbali ya tizithunzi: dina apa, koka apo, nyimbo zalowa. Koma kuli windo lina lakuda limene iye amalitcha teminolo, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Umalemba lamulo, n'kudina Enter. Limenelo ndakhala ndikulilambalala ngati nyumba ya galu wolusa.

Dave ali ku Chezi, akuyendera mijigo ndi bungwe lina. Netiweki amaipeza akakwera pamtunda. Uthenga wake wafika masana: achemwali, memori yeniyeniyo musaikonze, yambani mwaikopera yonse kwina, kenako muzilimbana ndi kopeyo. Gwiritsani lamulo lotchedwa dd. Lembani man dd, zonse zili momwemo.

Ndalemba. Zonse zilimodi, monga mmene mankhwala onse alili mu famase, kungoti palibe munthu pakauntala woti akuuze kuti mutu wakowo umwe ati. Mndandanda wa timawu kutsika mpaka pansi. Chingerezi ndinakhoza bwino pa Fomu 4, ndipo liwu lililonse palokha ndikulidziwa. Koma akawaika pamodzi akukhala ngati akuyankhulana okhaokha. Chimene ndatolapo: if ndi kumene ukutenga, of ndi kumene ukuthira. Chitsanzo palibe ngakhale chimodzi. Palibe pamene alemba kuti ngati uli ndi memori yodwala, chita chakuti.

Pansi penipeni alemba kuti wofuna kufotokozeredwa mokwanira apite pa intaneti. Ndagula bandulo, ndapita. Mawu omwewo, kungoti atalika.

Munthu amene analemba zimenezi sanakhalepo ndi mayi pabenchi akudikira.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Njira yabwino, akutero Dave, ndi kukopera memoriyo m'mimba mwa kompyuta. Koma mimbayo ndi yodzaza. Mafilimu a ku Nigeria, a karate, a ku India otanthauziridwa m'Chichewa, makwaya a dziko lonse. Ndawapempha bambo a Hana kuti tifufuteko ena. Akana. Akuti mafilimuwo ndiye munda wathu, munthu satentha nkhokwe yake kuti mlendo aothe moto. Ndiye kwatsala kukopera kuchoka pa memori kupita pa memori inzake. Ndagula yatsopano kwa amwenye a pafupi ndi siteji.

Vuto lina: teminolo sidziwa kuti iyi ndi ya Mayi Malizani, iyo ndi yatsopano. Ili ndi maina akeake. Dave anati ndilembe lsblk kuti ndiwaone. Kwatuluka sda, sdb, sdc. Ndani ndi ndani, sananene. Ndalemba man lsblk, kwabwera tsamba lina lalitali lofotokoza mmene ungasinthire maonekedwe a mndandandawo. Ngati munthu wafunsa njira ya ku Ntchisi boma, iwe n'kumufotokozera mitundu ya matayala.

Ndachita zachimudzi. Ndazula ya amayi, sdb yasowa. Ndabwezera, yabwera. Ndazula yatsopano, sdc yasowa. Ndatenga choko cha Hana n'kulemba pakhoma pamwamba pa sikirini, zilembo zikuluzikulu: YA AMAYI sdb, YATSOPANO sdc.

Madzulo Dave waimba, mawu ake akudukaduka ndi mphepo. Ndamva zokhazi: "Chachikulu musasinthanitse if ndi of, mukatero mwapukuta chilich..." Basi, netiweki yapita.

Ndabwerera mu man dd kukafuna pamene achenjeza zimenezo. Ndawerenga kuyambira pamwamba mpaka pa maina a olemba. Palibe. Botolo la mankhwala opopera fodya lili ndi chigaza ndi mafupa opingasa, ngakhale wosadziwa kuwerenga amaliopa. Ichi chingafufute mwana wa munthu, koma chalembedwa ngati ndondomeko ya kaphikidwe ka tiyi.

Mzere ndaulemba. Enter sindinadine. Chala chinangoima m'malere mpaka kasitomala wina anandifunsa ngati ndikupemphera.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Ndadina. Yayankha kuti Permission denied. Mtima unakhala pansi pang'ono, ndinati kani ili ndi chisoni. Kenako ndakumbukira kuti Dave amayamba ndi liwu loti sudo. Ndaliika kutsogolo, yafunsa pasiwedi, yalola. Mlonda wake ndi wotero: amakukaniza pageti, koma ukangotchula dzina la bwana amakutsegulira ngakhale wanyamula chikwanje.

Kenako chete. Osati kamzere koyenda, osati nambala, osati liwu loti ndayamba. Kachizindikiro kakungophethira pansi pa mzere wanga. Ndayang'ana ma rida: timagetsi tonse tiwiri tikuthwanima. Ndiye kuti china chake chikuchitika. Chabwino kapena choipa, sindikudziwa. Ndakhala pamenepo manja ali pamiyendo, kuopa ngakhale kusuntha mausi. Anyamata ofuna nyimbo ndawabweza kuti kompyuta ikudwala.

Ndili choncho, magetsi thi.

Mashini a bambo a Hana anaima pakati pa mutu wa aphunzitsi ena. Iwo akuseka, aphunzitsi akutukwana chamumtima, ine ndikuyang'ana sikirini yakuda. Kodi chinthu chikadukira pakati chimaononga kumene ukutenga kapena kumene ukuthira kokha? Ndafufuza pafoni tsamba lija. Za magetsi sanalembepo kanthu. Kwawoko mwina sazima.

Mayi Malizani anadutsa akuchokera kuchigayo, thumba pamutu. Sanalowe, anangoima pakhomo kufunsa ndi maso. Ndati zikuyenda. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono kuti thumba lisagwe, n'kumapita.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Magetsi kulibe. Memori ili m'kabokosi ka machesi m'thumba la siketi. Ndikungoigwiragwira ngati dzino logwedera.

Loweruka, 10 Ogasiti

Sindikufuna kulemba koma ndilembe.

Magetsi anabwera chakum'mawa, tsiku la msika. Anthu masiku awiri opanda chaji, aliyense foni m'manja. Ma ekistenshoni onse anadzaza. Bambo a Hana anachita zimene amachita nthawi zonse kukakhala chonchi: mafoni otsala anawalumikiza ku mabowo a kompyuta, kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndinawaona. Sindinaganizepo kanthu. Chiyambireni shopu ino timatero.

Ndinayatsa kompyuta. Ma rida awiri ndinawaika m'mabowo omwe aja a Lachinayi. Ndinadina muvi woloza kumwamba, mzere wanga unabwera wokha. Ndinauyerekeza ndi za pakhoma: kutenga ku sdb, kuthira ku sdc. Ndinauwerenga mobwerezabwereza ndi chala, ngati mwana wa sitandade 1. if ndi of zili m'malo mwake. Enter.

Chete uja. Ndinali nditamuzolowera. Ndinatembenuka kumuuza mtsikana wina kuti nyimbo abwere mawa. Pobwezera maso ndinaona kuti getsi la rida ya memori yatsopano silikuthwanima. La amayi likuthwanima. Ndipo pamwamba pa kompyuta kafoni kena ka mabatani kayaka kokha, pamene anzake onse ali mdima.

Kuimitsa kwake n'kotani? Ndinadina Esc, ayi. Ndinadina q, inangolemba q. Ndinafuna kuzula koma ndinaopa. Kenako ndinakumbukira zala za Dave pa Ctrl ndi C, n'kudina. Inaima. Ndipo apo ndi pamene inayankhula koyamba chiyambire: mizere itatu yondiuza monyadira kuchuluka kwa zimene yakopera ndi liwiro lake.

Ndinalemba lsblk. Maina achuluka. sdb ndi memori ya m'kafoni kaja. sdc ndi ya amayi. Yatsopano yakhala sdd, ili phee, lero sinakhudzidwe n'komwe.

Kafoniko ndi ka a Dominiko, ogula soya. Ndiye kuti ndatenga za m'foni ya a Dominiko n'kuzithira pamwamba pa Nedson.

Kwa nthawi yaitali bwanji, sindikudziwa. Nthawi yomuuza mtsikana kuti abwere mawa, iye n'kukana, ine n'kubwereza.

A Dominiko anabwera kudzatenga foni yawo masana. Anadandaula kuti sinadzaze.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Kutchalitchi. Pa zolengeza, mlembi wa mpingo wakumbutsa za chiliza cha Loweruka kwa a Malizani. Wawonjezera kuti mwa chisomo cha Mulungu ndi luso la masiku ano, tidzamvanso mawu a malemu. Anthu anang'ung'udza mokondwa. Amayi awiri a pabenchi yathu ananditembenukira n'kumwetulira. Nkhani imayenda.

Ulaliki sindinaumve.

Potuluka Mayi Malizani anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anafunsa kuti zikuyenda bwanji, amake Hana. Ndinati tikulimbana nayo. Anati akundipempherera, ndipo Kezia wagula kale diresi lakuda ndi loyera. Dzanja lawo ndi lokhakhala, lofunda. Langa linali thukuta lokhalokha.

Kunyumba takangana motsitsa mawu chifukwa cha Hana. Ine ndati mafoni anu aja. Iwo ati akhala akutchaja pamenepo zaka zonsezi ndipo palibe anafa. N'zoona. Ati ndipo pakhoma ndinalemba ndine, osati iwo. N'zoonanso. Kenako atafatsa ati: memoriyo inabwera ili yakufa kale, ungowauza kuti yakanika, ndani angadziwe?

Palibe angadziwe. Ndaganizira zimenezi nthawi yaitali kuposa mmene ndingafunire kuvomera pano.

Lolemba, 12 Ogasiti

Dave waimba ali pamtunda wake uja. Ndamufotokozera zonse.

Akuti mainawo si a memori, ndi a pamzere. Wofika koyamba ndiye sdb, wotsatira sdc, ngati kuchigayo. Ukazimitsa n'kuyatsanso, mzere umayambiranso. Kafoni ka a Dominiko kanafika koyamba.

Ndamufunsa kuti zimenezo zalembedwa pati.

"Aliyense amadziwa, achemwali."

"Aliyense wake uti? Ine si munthu?"

Pambuyo pake ndabwerera m'masamba onse awiri aja kukafuna, mwina ndinadumpha. Sindinapeze. Mwina zili patsamba lachitatu limene dzina lake amalidziwa ndi aliyense uja.

Akuti kumayambiriro kwa memori kwapita, kumeneko tiiwale. Zimene zinakopeka mu yatsopano Lachinayi lija nazonso zinaonongeka ndi kuzima kwa magetsi. Koma ndinaimitsa isanafike patali, ndiye kumunsi kungakhale zotsala. Muli pulogalamu ina imene anaiikamo kale, photorec. Imeneyo siyang'ana maina kapena mafoda, imangoyenda m'memori monse kutola chilichonse chooneka ngati chithunzi kapena mawu. Kukunkha, titero. Koma zokunkhazo zimafuna pothira, ndipo pothira pake ndi m'kompyuta.

Sindinapemphenso chilolezo. Ndatsegula foda ya mafilimu, ndasankha, ndafufuta. Bambo a Hana anaima kumbuyo kwanga ndi chipeso m'manja. Anafunsa kuti ngakhale a karate? Ndati ngakhale a karate. Anabwerera kuseri kwa katani.

Malo amene anasowa Lachitatu apezeka lero madzi a tiyi asanawire.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Mabowo onse a kompyuta ndawamata ndi selotepi kupatula limodzi. Za pakhoma zija ndafufuta ndi nsalu yonyowa. Pakhomo ndapachika katoni: LERO KULIBE NYIMBO.

Pulogalamu ya lero ili ndi ulemu pang'ono, imafunsa mafunso. Kungoti mafunso ake ndi a mayeso a kalasi imene sindinalowemo. Yandionetsa mndandanda kuti ndisankhe. Pano sindinayang'ane dzina, ndayang'ana kukula kwa memori. Kenako yafunsa mtundu wa kasanjidwe ka m'kati, mayankho awiri, onse achilendo. Ndatsegula tsamba lake lofotokoza. Liwu limene sindikulidziwa alifotokoza ndi mawu ena awiri amene sindikuwadziwanso. Ndamuimbira Dave, foni yake sikupezeka. Ali kumunsi kwa phiri ndi mijigo yake.

Ndakhala ndikuyang'ana mayankho awiriwo. Lina lingakhale lolemba pa memori? Sananene kuti ilemba, sananenenso kuti silemba. Loweruka ndinali wotsimikiza ndipo ndinalakwa. Lero sindikutsimikiza chilichonse. Ndasankha lachiwiri chifukwa loyambalo linali ndi liwu lofanana ndi zimene Dave amatchula akamanena za kompyuta yeniyeniyo, osati za mafoni. Nzeru zake ndi zomwezo basi.

Yayamba. Iyi ikuonetsa manambala, koma bola chete uja. Ikuti kwatsala ola limodzi, kenako maola asanu ndi anayi, kenako mphindi makumi awiri. Ngati kondakitala wa minibasi ya ku Mponela wonena kuti tikunyamuka pompano.

Tsiku lonse maso ali pa babu la kudenga. Bambo a Hana lero sanayatse wailesi yawo, akuti isakoke magetsi. Sindikudziwa ngati zimathandiza koma sindinawatsutse. Anandigulira chimanga chootcha n'kuchiika pambali pa kiyibodi. Chazizira pomwepo.

Yamaliza dzuwa likulowa. Memori ndaizula, yabwerera m'kabokosi ka machesi. Zimene yatola sindinatsegule. Mawa.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Mafoda ambirimbiri, m'kati mwake mafayilo opanda maina. Chilembo f ndi manambala basi. Palibe tsiku, palibe woti uyu anatumiza ndi uje. Ngati munthu wakhuthulira mbewu zonse za m'nyumba pamphasa imodzi.

Zithunzi zambiri ndi zoduka. Pali mwamuna wa jekete lofiira ataima pafupi ndi mpanda wa waya, kuyambira m'chifuwa kutsika ndi phulusa lokhalokha. Pali ukwati wa anthu osadziwika. Pali sikelo ya soya, imeneyo mwini wake ndikumudziwa.

Ndavala mahedifoni n'kuyamba kumvera. Kani a Dominiko foni yawo imajambula akamayankhula. Mitengo ya soya, kukangana ndi woyendetsa lole, ndi mayi wina wowatcha dadi amene mawu ake si a akazi awo. Zimenezo sizanga.

Kupitirira apo kwayamba mavoisi. Alipo. Ndinavula mahedifoni n'kutuluka panja kukaima pang'ono. Alipo, koma ndi a anthu ambiri. Amayi a Chigwirizano kukumbutsana za yunifolomu. Zidutswa za maulaliki zotumizirana. Amuna osiyanasiyana, ena kumbuyo kwawo kukumveka magalimoto, ena akusakaniza ndi chiyankhulo cha ku Joni. Wina akupepesa maliro. Wina akuti mayi muli bwanji, koma kuno aliyense amati mayi. Ena akudukira pakati pa liwu. Woimba nyimbo ya m'buku sindinamupeze, koma sindinafike kumapeto.

Nedson ndi uti? Sindinamumvepo. Ndikhoza kumudutsa osadziwa. Mwina ndamudutsa kale.

Palibe njira ina, ayenera kubwera eni ake adzamvere okha. Bambo a Hana akuti ndiyambe ndachotsa za a Dominiko, amayiwo angoona kuti memori inali yoonongeka ndipo ife tapulumutsako zina. Tidzakhala ngati ngwazi. Akunena zotheka. Mafayilo a a Dominiko ndikhoza kuwazindikira, ndi ochepa.

Ndawasankha onse. Chala chinafika pa Delete. Kenako ndinaganiza kuti sabata ino ndafufuta zokwanira.

Ndatuma a Lester a kabaza kuti akawauze Mayi Malizani abwere mawa. Pano ndikuopa kubwera kwawo kuposa mmene ndimaopera magetsi.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Voisi ya moni ndi nyimbo ija palibe. Ndilembe kaye zimenezo. Tamvera zonse mpaka fayilo yomaliza. Inali kumayambiriro kuja.

Anabwera m'mawa ndi Kezia, atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Anaiika pansi pafupi ndi mpando wanga n'kunena kuti si malipiro, ndi zikomo chabe. Ndinali nditakonza mawu usiku wonse, oyamba ndi zakuti memori inabwera ili yodwala. Nditaona nkhukuyo mawu aja anabalalika. Ndinawauza mmene zinakhalira. Mafoni, mabowo, choko pakhoma, a Dominiko. Ndinati ndinadina ndine.

Kezia anayamba kuyankhula mofulumira. Akuti ananena kuti apite nayo ku Lilongwe kwa anthu odziwa, osati pa shopu yometa. Akuti alengeza kale m'tchalitchi, abale a ku Nachisaka anyamuka kale, tsopano adzawauza chiyani. Bambo a Hana anazimitsa mashini awo kuseri kwa katani. Kasitomala wawo sanadandaule, amamvetsera.

Amayiwo anangoyang'ana kabokosi ka machesi kali patebulo. Patapita nthawi anafunsa:

"Ndiye mwana wanga ali pansi pa Dominiko?"

Ndinati mbali ina. Mbali ina mwina ayi, koma ine sindingamuzindikire.

Anamuuza Kezia kuti akhale chete. Anakokera benchi pafupi ndi sipika, n'kukonza mpango kuti khutu likhale pamtunda. Anati ikani timve.

Ndinkadina, iwo n'kumayankha. Ameneyo ndi Nabanda wa ku Chigwirizano. Pitirirani. Ameneyo ndi mnzake wa Nedson, amene anaperekeza bokosi. Pitirirani. Titafika pa mayi wa dadi uja ndinafulumira kudumpha, koma anali atamva. Anati Dominiko ameneyu adzafa imfa yoipa, pitirirani. Kezia anatsala pang'ono kuseka, kenako anakumbukira kuti wakwiya.

Dzuwa linafika pakhomo, linadutsa. Nkhuku inagona. Nthawi iliyonse mawu a mwamuna akayamba ndinkawayang'ana nkhope, iwo n'kupukusa mutu. Mafayilo otsala ankachepa pa sikirini, ndipo ine ndekha ndi amene ndinkaona kuchepako. Sindinawauze. Ndinayamba kudina mochedwa, ngati kuchedwako kungawonjezere ena.

Kenako ina inayamba ndi phokoso la mphepo ndi chitsulo chikugwa chapatali. Munthu asanayankhule, anangokhosomola, ndipo dzanja lawo linandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo.

"Amayi, ndine. Mumuuze Kezia asiye kubwereketsa njinga yanga kwa anthu a kumowa. Ndamva zonse, musayese kuti kuno sitimva. Ndipo tcheni azithira oilo, osati mafuta ophikira. Ndikabwera ndidzaiona. Basi, bwana akubwera."

Inathera pomwepo. Kezia anali atatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Amayiwo anaweramira ku sipika.

"Njingayo inathyoka kalekale, iwe," anatero. "Anaithyola ndi mlamu wako, osati a kumowa."

Anadikira pang'ono, mutu uli chopendekera. Kenako, osandiyang'ana, osandisiya mkono, anati ikaninso.